Kiyi wofiira ndi mphekesera za ku Detroit

Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira umakaniko ku Lilongwe, wanditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Mukuoneka chigalimoto chakuda bii, chonyonyomala ngati nyalugwe wofuna kumbwandira mbuzi, utsi uli tolotolo kumatayala. Pansi pake walemba kuti: "Ankolo, akuti Hellcat yatsopano yatuluka, mahatchi 1,000. Mwaiona kale kumeneko? Ikugulidwa zingati?"

Ndinamuyankha mwachidule kuti galimoto imeneyo, Charger Hellcat yatsopano ya kampani ya Dodge, sinatuluke, zithunzizo n'zopanga pa kompyuta. Koma mtima sunakhazikike, chifukwa funso la mwanayu ndi lomwe lija timalimbana nalo tsiku ndi tsiku m'galaja imene ndimagwira ntchito, kumpoto kwa mzinda wa Detroit kuno ku Michigan. Azibambo a imvi zawo amasiya sipana pansi n'kuyamba kukangana za galimoto yoti palibe anaikhudzapo. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino, kuti iye ndi anzake a ku Biwi, a ku Ndirande ndi kwina konse amve mmene nkhaniyi ilili kuno kumene inabadwira.

Ine umakaniko ndinauphunzirira pansi pa maminibasi a Hiace, nditagona chagada pa katoni, oyilo akudonthera kumaso. Abwana amene anandiphunzitsa ankati injini imayankhula, vuto ndi makaniko wogontha. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchiika pakhutu, atatsinzina. Pomatsegula maso amakhala atadziwa kale pamene pali matenda. Nditafika kuno ndinapeza makina olumikiza pansi pa chiwongolero, amene amakuuza vuto ndi manambala, ndipo ndinaganiza kuti khutu lija latha ntchito. Ayi ndithu. Ndinagwera pakati pa anthu amene galimoto amaigula ndi khutu, amaikonda ndi khutu, ndipo lero akuilira ndi khutu lomwelo.

Magalimoto akewo amawatcha muscle car. Ndi galimoto wamba, yoti mukhoza kukwezamo banja kupita kutchalitchi, koma aikamo injini yoposa msinkhu wake, ya masilinda 8 okhala mbali ziwiri ngati chilembo cha V, mphamvu zonse zikuthamangira ku matayala akumbuyo. Mwambowu unayaka moto m'zaka za m'ma 1960, ndi Pontiac GTO ya mu 1964, Ford Mustang ya chaka chomwecho, kenako Dodge Charger mu 1966. Mphamvu ya injini amaiwerenga ndi mahatchi, ati horsepower. Kuti muone pamene tili, Axio ya malita 1.5 imene ili mbwee m'misewu ya kwathu ili ndi mahatchi pafupifupi 110.

Galimoto imodzi imakhala ndi magiredi. Kwathu timazidziwa pa Axio yomweyo kapena Sienta, wina amati yanga ndi X, wina yanga ndi G, koma kusiyana kwake kumathera pa mipando, wailesi ndi marimu. Kuno kusiyana kumakhala pa mtima penipeni. Tengani Charger yakale, imene inatha mu 2023. Thupi ndi limodzimodzi, zitseko zinayi. Yapansi, SXT, inali ndi V6 ya malita 3.6, mahatchi a m'ma 300 kapena kucheperako pang'ono. Mukakwera sitepe imodzi mupeza R/T, V8 ya malita 5.7, mahatchi 370. Pamwamba pake Scat Pack, malita 6.4, mahatchi 485. Kenako ndi magalimoto a chaka cha 2015 kunabwera Hellcat: malita 6.2, pamwamba pa injini pali supercharger yokankhira mpweya m'masilinda mokakamiza, mahatchi 707. Munthu wogula SXT ankadziwa kuti galimoto yake ndi mng'ono wake wa chilombo chimenecho, ndipo zinkamukwanira kuyenda chifuwa chili patsogolo. Giredi yapamwamba ndi imene imagulitsa zapansi. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Hellcat yoyamba kuigwira ine inali Challenger, mbale wake wa Charger wa zitseko ziwiri. Mwiniwake ndi mdala wina amene anagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto mpaka kupuma, n'kudzigulira galimotoyi ndi ndalama za penshoni. Galimoto imeneyi imabwera ndi makiyi amitundu iwiri, wakuda ndi wofiira. Ukailiza ndi wakuda, kompyuta imaimanga miyendo, imangokupatsa mahatchi 500. Wofiira ndi amene amamasula onse 707. Tsiku loyamba mdalayu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunditambasulira wakuda. Sindinadandaule, galimoto ya munthu ndi mwana wake. Ndinasintha mapulagi onse 16, chifukwa injini za Hemi zimakhala ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse. Dzina lakuti Hemi likuchokera ku kaumbidwe ka denga la silinda, lozungulira ngati chipanda chovundikira.

Patapita chaka anabweranso. Ndinamuuza kuti lamba wa supercharger wayamba kulira mwachilendo, ndisanatsegule n'komwe boneti. Titatsegula tinapeza lambayo wang'ambikang'ambika m'mphepete. Nditamaliza kukonza, mdalayu anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kiyi wofiira. "Kaiyese, mwana wanga. Koma matayala atenthe kaye." Ndinalandira ndi manja awiri, ngati mmene timalandirira kwa akuluakulu kwathu. Nditaponda moto pang'ono chabe pamsewu wowongoka, msana unamatirira kumpando. Pamwamba pamamveka kamluzu kakuthwa ka supercharger, pansi pake V8 ikugunda ngati mpanje pa bwalo la gule. Phokosolo silithera m'khutu, limalowa m'chifuwa. Pobwerera manja anali akunjenjemera, ndipo ndinamvetsa chimene chimasonkhanitsa anthuwa.

Dodge sinalekere pa 707. Mu 2018 kunabwera Challenger Demon ya mahatchi 840 ikamwa mafuta a mpikisano, kenako Redeye ya 797. Mu March 2023 anaonetsa yotsanzikira, Demon 170, ya mahatchi 1,025 ikamwa mafuta a E85, amene mbali yake yaikulu ndi ethanol wa chimanga. Mtunda umene amapikisanirana kuno, kota ya mailosi, kapena kuti mamita 402, inkaumaliza m'masekondi 8.91 kuchokera poima. Mtengo wake unayambira pa madola 96,666. Ndiye mu December chaka chomwecho fakitale ya ku Brampton, ku Canada, inatulutsa Charger ndi Challenger zomaliza n'kuima. Mwezi womwewo Chevrolet nayo inasiya kupanga Camaro. Pa magalimoto amene ankalimbana, a Dodge aja, Camaro ndi Mustang, wa V8 anatsala Mustang yekha.

Charger yatsopano inaonetsedwa mu March 2024, ndipo yoyamba kutuluka inali ya magetsi. Anaipatsa dzina lolemera, Daytona, dzina la Charger ya mu 1969 ya chiphiko chachitali kumbuyo, imene mu 1970 inadutsa liwiro la mamailosi 200 pa ola pa bwalo la Talladega. Pa manambala palibe chonyoza: Daytona Scat Pack ili ndi mahatchi 670, ndipo imafika pa liwiro la pafupifupi makilomita 100 pa ola m'masekondi atatu ndi pang'ono, ngakhale ikulemera makilogalamu oposa 2,600 chifukwa cha batire. Podziwa kuti anthu awo ndi a khutu, akatswiri anaika masipika m'kabokosi pansi pa bampa yakumbuyo, otulutsa phokoso lopeka, n'kulitcha Fratzonic. Analonjezanso kuti pamwamba pa zonse padzakhala giredi yotchedwa Banshee, ya magetsi a mavoti 800, yodzalowa ufumu wa Hellcat.

Ndinaona ndi maso anga mmene anthu anailandirira. Loweruka lachitatu la August chaka chilichonse kumakhala Woodward Dream Cruise, mwambo umene unayamba mu 1995. Msewu wa Woodward, kuchokera ku tauni ya Ferndale mpaka ku tauni ya Pontiac, umadzaza magalimoto akale ndi atsopano, akuyenda pang'onopang'ono tsiku lonse. Anthu amalawirira ndi mipando yopinda, mabokosi a zakumwa zozizira ndi mbaula zowotchera nyama, n'kukhala m'mbali mwa msewu ngati akudikira kuti mfumu idutse. Ikamabwera galimoto ya V8, ana amazunguza chala m'mwamba kupempha woyendetsa kuti ailize, ndipo akailiza anthu amakuwa. Itadutsa Daytona ya magetsi, woyendetsa analiza masipika aja. Phokoso linali lalikulu ndithu, koma pamene tinakhala ife panali zii. Mayi wina wachikulire pambali panga anangopukusa mutu n'kubwerera ku nyama yake. Sanaitukwane, sanaiseke. Zinali ngati pa maliro munthu waika kaseti ya nyimbo m'malo moti anthu aimbe okha.

Zogulitsa zinayenda mmene anthu a pa Woodward anaonera. Ma Daytona anakhalitsa pamabwalo a ogulitsa, mitengo ikutsitsidwa. Pa nthawi yomweyo zinthu zinali kutembenuka motsatizana. Pa 1 December 2024 Carlos Tavares, mkulu wa Stellantis, kampani imene ili ndi Dodge, Jeep, Ram ndi Chrysler, anatula pansi udindo. Patangopita masiku, Tim Kuniskis, munthu amene anthu kuno amamuona ngati tate wa Hellcat, anabwerera ku ntchito atapuma miyezi yochepa chabe. Mu June 2025 Ram inalengeza kuti ikubwezeretsa Hemi ya malita 5.7 m'mapikapu ake. Mu July anadzutsa SRT, nthambi imene inkapanga magiredi apamwamba aja. Mwezi womwewo lamulo latsopano la boma linachotsa chindapusa chimene makampani ankalipira magalimoto awo akamamwa mafuta mopyola muyezo, chindapusa chimene Stellantis inalipirapo madola mamiliyoni mazanamazana. Kumapeto kwa September thandizo la madola 7,500 kwa ogula galimoto ya magetsi linatha. Giredi yapansi ya Daytona anaichotsa pa mndandanda, ndipo Banshee mpaka lero sinafike pamsika.

M'malo mwake kwabwera Charger ya petulo yotchedwa Sixpack, dzina lina lakale, la injini ya mu 1969 imene inali ndi makabuleta atatu. Injini yake ndi Hurricane, masilinda 6 ondondozana pamzere umodzi, ngati mmene ilili 1HZ ya Land Cruiser imene timaidziwa kwathu, koma iyi ndi ya malita 3.0 ndipo ili ndi ma turbo awiri. R/T ili ndi mahatchi 420, Scat Pack 550, ndipo mu 2025 mitengo inkayambira pafupifupi madola 50,000 ndi 55,000. Matayala onse anayi amakoka, koma ukafuna ukhoza kutumiza mphamvu zonse kumbuyo. Pamene ndikulemba izi, chakumapeto kwa 2025, pamwamba pa Scat Pack palibe kanthu. Denga lili pululu, ndipo mphekesera zonse zikuzungulira pa dzenje limeneli.

M'galaja mwathu mkangano umayamba nthawi ya khofi. Mnzanga wochokera ku Mexico amatikumbutsa kuti Hemi ndi Hurricane zonse zakhala zikupangidwa kwawo, ku Saltillo, ndipo iye ali kumbali ya Hurricane. Amati injini ya malita atatu yotulutsa 550 idakali ndi mphamvu zobisika, angoikulitsira ma turbo, mwina n'kuiwonjezera mota ya magetsi, ifika 700 popanda vuto. Mnyamata amene amasintha matayala amalumbira kuti Demon ibweranso, umboni wake ndi mavidiyo a pa YouTube onga aja a mwana wa achemwali. Abwana athu samayankhula zambiri. Amangoti akaona galimoto yokutidwa ndi mapepala a mizeremizere yakuda ndi yoyera, ya nambala ya kampani, ikuchokera ku Auburn Hills kumene kuli likulu la Dodge kapena ku bwalo loyeserapo la ku Chelsea, amatsitsa galasi n'kutchera khutu. Mapepala amabisa thupi, koma V8 sungaibise ikamadzuka pa maloboti.

Maganizo anga ndi awa. Anthu ambiri akamati Hemi ibwerere, akuganiza za 5.7 kapena 6.4, zimene ankazikwanitsa kugula. Koma taonani manambala. Ya 5.7 inkapereka 370, pamene Hurricane ya mu R/T ikupereka 420. Ya 6.4 inkapereka 485, Hurricane ya mu Scat Pack 550. Kampani ingauze bwanji munthu kuti alipire ndalama zambiri kuti alandire mphamvu zochepa, galimoto yolemera kutsogolo ndiponso yakumwa kwambiri? M'pikapu zatheka, chifukwa kumeneko ogula ndi ochuluka zedi moti ndalama zoikonzera zimabwerera msanga. Mu Charger, V8 imene ili ndi malo ndi imodzi yokha, ya supercharger, yoyambira pa 700 kupita m'mwamba. Ndiye ine ndikuti Hemi ikabwera idzalowera padenga, ndi dzina la Hellcat kapena lina lofanana nalo, ndipo idzabwera chifukwa cha mfundo ija: popanda chilombo pamwamba, ang'ono ake sagulika. Injiniyo sinafe, ikupangidwabe, ili mu Durango Hellcat, galimoto yaikulu ya Dodge ya mahatchi 710, imenenso imakoka ndi matayala onse anayi.

Kuti ikwane pansi pa boneti ndi nkhani ina, ndipo apa ndikuyankhula ngati munthu wa sipana. Sixpack ndinaisuzumira ku Pontiac mu August 2025, boneti ili yotsegula. Injini ya mzere umodzi imakhala yaitali koma yopyapyala. V8 ndi yaifupi koma yotakata, ndipo supercharger imaiwonjezera msinkhu. Kuikhazika pamenepo si chozizwitsa, ndipo chakumapeto kwa 2025 kampani inaonetsa kale Charger ya mpikisano wokhawokha, Drag Pak, ili ndi Hemi. Koma galimoto ya pa bwalo la mpikisano siyesedwa ngati ya pamsewu. Ya pamsewu imafuna malo a maradiyeta owonjezera, njira ya mapaipi a ekizozi amene amatentha ngati ng'anjo, giyabokosi ndi ma shaft opirira, kenako aziiwombetsa kukhoma kuti aone ngati munthu angapulumuke, n'kuiyezanso utsi. Zimenezi zimadya zaka ndi ndalama zambiri. Pamwamba pa apo, Charger imapangidwa ku Windsor, tsidya lina la mtsinje wa Detroit, m'dziko la Canada. Ukaima m'mbali mwa mtsinje mzindawo umauona bwinobwino, koma kuyambira April 2025 galimoto yowoloka mlatho wa Ambassador imakumana ndi msonkho watsopano, ndipo mwezi umenewo fakitale ya ku Windsor inaima masabata awiri. Pofika chakumapeto kwa 2025, anthu a pa fakitale ya ku Brampton anali akudikirabe ntchito. Tikamakangana za mahatchi nthawi ya khofi, tsidya linalo kuli mabanja amene akudikira yankho lomwelo kuti adziwe ngati alipira lendi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ngakhale ibwere, ambiri amene akuilira sadzaifikira. Hellcat yoyamba inali pafupifupi madola 60,000, ndalama yoti munthu wa pa fakitale akamanga lamba zaka zingapo ankaikwanitsa. Ngati ya masilinda 6 yafika kale 55,000, ine ndikuona yatsopanoyo ikuyandikira 100,000. Ndipo walira mvula walira matope. Galimoto imeneyi imamwa petulo wapamwamba yekha, ndipo ukaiponda mpaka pansi osasiya, thanki ya malita 70 imauma kota ya ola isanakwane. Matayala akumbuyo sachedwa kusalala. Inshulansi ya ku Michigan ndi imodzi mwa zodula kwambiri m'dziko lino, ndiye muwonjezepo akuba: mu 2023 bungwe la Highway Loss Data Institute linapeza kuti Charger Hellcat inkabedwa kuwirikiza ka 60 kuposa galimoto wamba. Ndaonapo bambo wamkulu akugwetsa misozi pakhomo pa galaja yathu, atabwera ndi makiyi onse awiri m'manja, galimoto itapita usiku.

Kwa iwe mwana wa achemwali, ndikudziwa funso limene likubwera, lakuti ndidzakutumizire imodzi. Dodge imeneyi imapangidwa ya chiwongolero chakumanzere chokha, pamene ife timayenda kumanzere ndi chiwongolero chakumanja. Msonkho wa MRA umakwera ndi kukula kwa injini, ndipo iyi ndi ya malita 6.2. Mimba yake ili pafupi ndi nthaka moti hampu yoyamba ya pa M1 ingaisiye bampa pansi, osanena za mzere wa pa filing'i siteshoni. Ukafuna kumva V8 ya ku America kufupi ndi kwathu, ndi Mustang, imene kuyambira 2015 imapangidwanso ya chiwongolero chakumanja ndipo imagulitsidwa ku South Africa. Koma m'nkhani yonseyi muli kanthu kako. Zimene zasokoneza galaja yathu ndi zomwezo zikulowa pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam: Aqua, Prius, Fit ya hybrid, injini zazing'ono za turbo. Ukaona mawaya okhuthala a mtundu wa olenji, usawakhudze ndi manja chabe, muli magetsi oti n'kukupha. Peza wokuphunzitsa, ugule magolovesi ake ndi mita yabwino. Koma sikuludiraiva ija ya pakhutu usaitaye, chifukwa ndi imene inandipatsa kiyi wofiira.

Panopa kuno kwayamba kuzizira. Chipale chagwa kale, ndipo magalimoto a boma ayamba kuwaza mchere m'misewu, mchere umene umadya chitsulo ndi dzimbiri. Eni ake a magalimoto amenewa sawatulutsanso mpaka April. Mdala uja anabweretsa Challenger yake sabata yatha kuti tiikonzekeretse kugona. Ndinasintha oyilo, ndinadzaza thanki n'kuthiramo mankhwala oti petulo asawonongeke, ndinapopa matayala mopitirira pang'ono, batire n'kuilumikiza ku tchaja yaing'ono. Tisanaifunditse nsalu anandipempha kuti ndiilize komaliza, ndipo tinaima tonse awiri osayankhula mpaka injini itatentha. Potuluka anandifunsa ngati ndidzapite ku chionetsero cha magalimoto cha Detroit mu January, ku Huntington Place, chifukwa iye mawondo sakumulolanso kuyenda mtunda wautali. Ndinati ndidzapita, bambo. Anati ndikakafika pa malo a Dodge ndikapemphe kuti anditsegulire maboneti onse, ndiwerenge masilinda, kenako ndimuimbire foni ndili pomwepo.